Tisanakangane za kuchotsa mimba, tiyambe tawerenga masabata

A Mkonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti nafe tiikepo mlomo pa nkhani imene imautsa mapiri pachigwa nthawi zonse bilu yokhudza kuchotsa mimba ikangotchulidwa. Olemba kalatayi ndife azamba, madokotala ndi aphunzitsi a zaumoyo a kuno ku Mzuzu. Tineneretu kuti ndife a zipembedzo zosiyana, ndipo pa funso lakuti kuchotsa mimba ndi tchimo nthawi zonse kapena ayi, sitimvana chimodzi. Chatikhazika pamodzi ndi ichi: pawailesi, m'maminibasi opita ku Ekwendeni ngakhalenso paguwa, mafunso atatu osiyana akuphikidwa mumphika umodzi. Kodi chamoyo chatsopano chimayamba liti m'thupi la mayi? Kodi chamoyocho chimakhala liti munthu woyenera kutetezedwa ngati khanda limene lili kumsana? Nanga boma limange ndani, pa chifukwa chiti? Sayansi imayankha funso loyamba lokha. Wina aliyense wonena kuti yayankha onse atatu akukupusitsani, kaya ali mbali iti.

Chisokonezo chimayambira pa kawerengedwe. Kusikelo timawerenga mimba kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza, ndipo mimba yokwanira ndi masabata 40, kapena kuti masiku 280. Koma dzira limakumana ndi umuna patadutsa pafupifupi masabata awiri kuchokera tsikulo. Ndiye kuti pamene buku la kuchipatala lalembedwa kuti mimba ili ndi masabata 6, mluzawo uli ndi masabata 4. Mayi amene waphonya msambo kamodzi n'kuyezetsa mkodzo amakhala ali kale pa sabata 4 kapena 5. Mtsikana wazaka 13 amene msambo wake sunakhazikike, kapena mayi woyamwitsa amene sanayambirenso kusamba, amatha kuzindikira mimba ili pa masabata 16. Aliyense wokamba za malire a masabata m'malamulo ayambe wadziwa zimenezi. M'kalata ino masabata tikuwerengera ngati kusikelo, masiku tikuwerengera kuchokera pamene dzira lakumana ndi umuna.

Dzira likatuluka limakhala ndi mphamvu kwa maola 12 mpaka 24 okha, pamene umuna umatha kulidikira m'njira ya mazira mpaka masiku 5. Zimakumana m'njiramo, osati m'chiberekero. Mayi amapereka makromozomu (tinthu tonyamula chibadwa) 23, bambo 23, onse pamodzi 46, ndipo kusakanikirana kwake kumatenga pafupifupi tsiku lathunthu. Sikuchitika mwa kamphindi ngati kukhwatcha machesi. Selo limodzilo, lochepa kuposa kadontho ka cholembera, limagawikana kukhala awiri, kenako 4, kenako 8, uku likutsetserekera kuchiberekero. Pofika tsiku la 5 kapena la 6 limakhala kampira ka maselo pafupifupi 100, ndipo ambiri mwa maselowo sadzakhala mwana, adzakhala nsengwa ndi zokuta mwana. Kuyambira tsiku la 6 mpaka cha m'ma 10 kampirako kamadzikwirira m'khoma la chiberekero, n'kuyamba kutulutsa homoni ya mimba yotchedwa hCG, imene kachipangizo koyezera mkodzo kamagwira.

Kodi chimenechi n'chamoyo? Inde. N'cha mtundu wa anthu? Inde. Kodi ndi chiwalo cha mayi ngati chikhadabo kapena dzino? Ayi, makromozomu ake si ofanana ndi a mayi. Choncho mawu amene anyamata ena amanyengerera nawo atsikana, akuti "akadali magazi chabe", ndi bodza. Pa sabata 6 mluza ndi wochepa ngati kanjere ka mpunga, koma pa sikani timaona kale kugunda kwa kachubu kamene kadzakhale mtima. Pa sabata 8 wafika ngati nyemba, timanja ndi timiyendo tikuphuka. Pa sabata 10 zala zalekana ndipo ziwalo zikuluzikulu zonse zayalidwa maziko. Pa sabata 12 ndi wotalika masentimita 5 kapena 6. Mayi amayamba kumva kusuntha pakati pa sabata 16 ndi 20, koma mwanayo amakhala atayamba kale kusuntha. Chachedwa ndi kumva kwa mayi. Pa sabata 20 amalemera pafupifupi magalamu 300, pa 24 pafupifupi 600, pa 28 pafupifupi kilo imodzi.

Koma nawonso amene amati sayansi inatsimikiza kuti munthu wathunthu alipo kuyambira tsiku loyamba ali ndi mfundo zitatu zoti alimbane nazo, ndipo kawirikawiri amazilambalala. Yoyamba ndi mapasa ofanana nkhope. Mluza umodzi umatha kugawikana kukhala awiri nthawi ina iliyonse m'masiku 14 oyambirira, ndipo ukachedwa kwambiri kugawikana m'pamene pamabadwa mapasa olumikizana matupi. Ngati pa tsiku loyamba panali munthu mmodzi, pa tsiku la 8 pakhala awiri, woyamba uja ndi uti? Wamwalira, kapena ndi onse awiri? Funsoli si lachibwana. Ndilo linachititsa komiti ya Warnock ku Britain mu 1984 kulangiza kuti pakhale malire a masiku 14 pa kafukufuku wa miluza, poti cha pamenepo kamzere kamene kamayala mutu ndi msana kamaoneka ndipo kugawikana kumatha. Yachiwiri ndi mimba ya mole, imene pa sikani imaoneka ngati phava la timatuza. Umuna umalowa m'dzira lopanda makromozomu a mayi, mayi amasiya kusamba, mkodzo umaonetsa mimba, mimba imakula, koma mulibe mwana ndipo sadzakhalamo. Ikasiyidwa imatha kusanduka khansa. Yachitatu ndi kuchuluka kwa miluza imene imatayika yokha. Mwa mimba 100 zimene amayi azindikira, 10 mpaka 15 zimapita padera, zambiri chifukwa cha vuto la makromozomu, osati chifukwa choti mayi ananyamula chidebe cholemera kapena kuti wina wamulodza. Miluza ina yambiri imatuluka ndi msambo isanadzikwirire n'komwe, mayi osadziwa kanthu.

Zimenezi sizikugwetsa mfundo ya amene amati tiyambire pa kukumana kwa dzira ndi umuna. Mphamvu ya mfundo yawo ili pakuti kuchokera pamenepo palibe tsiku limene chinthu china chimalowa kuchokera kunja n'kusandutsa mluza kukhala munthu. Ndi chamoyo chomwecho chikungokula, ndipo aliyense wa ife anadzera momwemo. Amawonjezanso kuti wofuna kutentha tchire, akakayika ngati muli mwana woweta mbuzi, sayatsa moto. Imeneyi ndi mfundo yolemera, ndipo ena mwa ife aima pomwepo. Koma ndi mfundo ya chikumbumtima, si chinthu choti tingachione pa maikulosikopu.

Malire ena onse amene anthu amatchula alinso ndi chilema chake. Kugunda kwa mtima kumakhudza aliyense wokumva, komabe munthu amene ubongo wake wafa mtima wake umatha kugundabe ali pa makina, ndipo madokotala amati wamwalira. Ena amati ndiye tiyang'ane ubongo. Mitsempha yolumikiza gawo la ubongo lolandira uthenga wa m'thupi ndi gawo lozindikira imayamba kukhazikika cha m'ma sabata 24, n'chifukwa chake bungwe la madokotala a amayi ku Britain linanena mu 2010 kuti mwana wosabadwa samva ululu isanafike nthawi imeneyo. Akatswiri ena amatsutsa, amati pangakhale kumva kwina kusanafike apo. Ndiponso ngati umunthu tiuyeza ndi kuzindikira, khanda la tsiku limodzi ndi gogo amene wakomoka tiwaika pati?

Malire amene mayiko ena amawakonda ndi a nthawi imene mwana angakhale moyo kunja kwa mimba. Chimapha mwana wobadwa masiku asanakwane kwenikweni ndi mapapo. Timatumba ta mpweya timafuna mafuta otchedwa surfactant kuti tisamatirirane mwana akapumira kunja, ndipo mafutawa sakwanira mpaka cha m'ma sabata 34. M'zipatala za mayiko olemera, zokhala ndi makina opumira ndi surfactant wa m'botolo, ana ena a masabata 22 mpaka 24 amapulumuka. Kuno timadalira jakisoni wa dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana, woperekedwa kwa mayi asanachire, makina othandiza kupuma a CPAP, kangaroo (kufungatira mwana pachifuwa) ndi mkaka wa m'mawere woperekedwa m'kachubu, ndipo chiyembekezo chenicheni chimayambira cha m'ma sabata 28. Tsono taganizani. Mwana wa masabata 25 wobadwira ku London ali ndi mwayi waukulu, mnzake wa msinkhu womwewo wobadwira ku Chitipa mwayi wake ndi wochepa zedi. Kodi woyambayo ndi munthu kuposa wachiwiriyu? Malire amenewa amayeza makina ndi ndalama za dziko. Britain yomweyo inatsitsa malire ake kuchoka pa masabata 28 kufika pa 24 mu 1990 makina atapita patsogolo, ana sanasinthe.

Patsala kubadwa. Malamulo athu a milandu ndi zilango amati mwana amakhala munthu woti wina angaimbidwe mlandu womupha pamene watulukiratu wamoyo m'thupi la mayi ake. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wa moyo kwa munthu aliyense, koma silinena kuti munthuyo amayamba liti. Kwa woweruza mzere wa kubadwa ndi wosavuta kuuona. Kwa mzamba ndi wovuta kuumeza, chifukwa mwana wa masabata 39 amene ali m'mimba m'mawa ndi yemweyo amene akuyamwa madzulo.

Zipembedzo nazo zayenda ulendo pa funsoli, ngakhale paguwa sizimveka choncho. Mpingo wa Katolika wakhala ukudzudzula kuchotsa mimba kuyambira kalekale, ndipo lero umaphunzitsa kuti moyo utetezedwe kuyambira pamene mayi watenga pakati. Koma Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa mpingowo, potsatira katswiri wakale wa Chigiriki Aristotle, ankaphunzitsa kuti mzimu wa munthu umalowa patapita masabata angapo, ndipo kusiyanitsa chilango pakati pa mluza woumbika ndi wosaumbika kunathetsedwa ndi Papa Pius IX mu 1869. Okonda Salimo 139 ndi Yeremiya 1:5 awerengenso Eksodo 21:22-23, pamene pakukambidwa za mayi wapakati wovulazidwa ndi amuna omenyana. Omasulira amagawanika ngati ndimeyo ikunena za kupita padera kapena za kubadwa msanga, ndipo Baibulo lakale lomasuliridwa m'Chigiriki linasiyanitsa mwana woumbika ndi wosaumbika. Kwa Asilamu, akatswiri ambiri amati mzimu umauziridwa pa masiku 120, ena amati 40, koma ngakhale isanafike nthawiyo salola kuchotsa mimba popanda chifukwa chachikulu.

Nanga makolo athu? Apa m'pamene timadabwa kuti anthu safunsa, chikhalirecho yankho lili m'kamwa mwathu momwe. Mayi woyembekezera timati ndi wapakati, akuluakulu n'kumamasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Akabereka timati wachira, ngati munthu amene anali kudwala. Chilankhulo chomwecho chikuvomereza kuti mimba ndi chinthu choika moyo wa mayi pachiswe. Mimba sinkalengezedwa, ndipo mpaka lero amayi ambiri amachedwa kuyamba sikelo poopa kuti anthu adziwa isanaoneke. Mwana akabadwa ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, dzina n'kubwera pambuyo. Wobadwa wakufa, wamtayo, ankaikidwa ndi amayi okhaokha, manda osazama, popanda kulira mokweza, popanda mudzi kusonkhana. Mimba yopita padera pa miyezi iwiri sinkaliridwa maliro. Izi zikuonetsa kuti kwa makolo umunthu unkabwera pang'onopang'ono, mwana akamalandiridwa ndi abale. Koma asatinamize wina kuti pachifukwa chimenecho kutaya mimba kunali kopepuka. Kunali choipa chachikulu, chokhudza banja lonse, ndipo mwamuna wopereka mimba n'kuikana ankazengedwa mlandu pabwalo. Ulemu unalipo kuyambira pachiyambi, kulemera kwake kunkakula ndi mimbayo. Ambiri mwa ife tikuona kuti Amalawi ochuluka, ngakhale opemphera kwambiri, amakhala motsatira maganizo amenewa. Onani mmene mpingo umachitira mayi akapita padera pa sabata 7, muyerekeze ndi mmene umachitira akataya mwana wa chaka chimodzi.

Pali mbali ina imene funso la chiyambi cha moyo limaiphimba. Ngakhale titagwirizana kuti mluza ndi munthu, munthuyo akukhala m'thupi la munthu wina, akudya m'magazi mwake, akukweza bipi yake. Lamulo lathu silikakamiza bambo kupereka ngakhale paketi imodzi ya magazi kwa mwana wake amene akufa. Otsutsa amayankha kuti kukana kupereka magazi ndi kusathandiza, pamene kuchotsa mimba ndi kupha, ndiponso kuti kholo lili ndi udindo kwa mwana amene lamubweretsa. Yankho limenelo lili ndi mphamvu. Limafooka likafika pa mwana wa Sitandade 6 wogwiriridwa ndi amalume ake, amene sanasankhe kanthu ndipo chiuno chake sichinakhwime.

Tsopano lamulo. Penal Code yathu, malamulo a milandu ndi zilango aja, inayamba kugwira ntchito mu 1930, nthawi ya atsamunda. Gawo 149 limapereka zaka 14 kwa wochotsa mimba ya wina, gawo 150 zaka 7 kwa mayi wodzichotsa yekha, gawo 151 zaka zitatu kwa wopereka mankhwala kapena zida. Khomo lokhalo m'malamulo amenewa ndi gawo 243, limene limati si mlandu kuchita opaleshoni pa mwana wosabadwa pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, bola zichitike mokhulupirika ndi mwaluso. Taonani mawu awiri. Likunena za opaleshoni, poti linalembedwa kusanabwere mankhwala amene masiku ano ndiwo njira yofatsa kuposa mpeni. Likunenanso za kupulumutsa moyo, osafotokoza kuti imfa iyandikire bwanji dokotala asanayambe. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo amathandiza, koma si lamulo lodutsa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo wogwira ntchito amene ali yekha usiku kuchipatala cha kumudzi amaopa zaka 14 zija kuposa china chilichonse.

Pa mimba yokhala m'njira ya mazira palibe amene amakangana. Zimachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100. Mluza umakakamira m'kachubu kopyapyala, kachubuko n'kuphulika, nthawi zambiri miyezi itatu isanakwane, magazi n'kumathira m'mimba osaoneka kunja. Mayi amamva kupweteka mbali imodzi m'munsi mwa mchombo, amadontha timagazi takuda, nthawi zina phewa limawawa, kenako chizungulire ndi kukomoka. Palibe njira yosamutsira mluzawo kuti ukakhale m'chiberekero. Timathamangira naye kufiyeta n'kudula chubucho, ngakhale mtima wa mluza ukugunda, ndipo ziphunzitso za Chikatolika zimavomereza poti cholinga ndi kuchotsa chiwalo chimene chikupha mayi. Vuto lili pa zochitika za pakatikati. Nsupa yasweka pa sabata 18, madzi atha, mwana sangafike pa 28, koma mtima ukugunda. Mayi lero akuseka, mawa thupi latentha, mkuja tizilombo talowa m'magazi ndipo impso zaima. Wina bipi yafika 160 pa 110 pa sabata 22, mkodzo wadzaza mapuloteni, mutu ukuwawa, maso akuchita chidima. Magnesium sulphate imaletsa kukomoka ndi kuphupha, koma matendawo amatha pokhapokha nsengwa itatuluka. Dokotala wodikira kuti ngozi ioneke bwinobwino kuti lamulo limuteteze amatha kutaya onse awiri. Zoterezi zinachitikira Savita Halappanavar ku Ireland mu 2012, mimba ili pa masabata 17, ndipo imfa yake inathandiza kuti dzikolo lisinthe malamulo ake aakulu mu 2018.

Kuletsa sikunathetse mchitidwewu. Kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, kutanthauza 38 pa amayi 1,000 alionse a zaka 15 mpaka 49, ndipo chigawo chathu cha kumpoto ndicho chinali pamwamba. Amayi pafupifupi 60 mwa 100 ochotsa mimbawo anakumana ndi mavuto ofunika chipatala, ndipo mmodzi mwa atatu a iwowa sanalandire thandizolo. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mimba 53 mwa 100 zinali zosakonzekera.

Chimachitika n'chiyani m'thupi zinthu zikalakwika? Kamtengo ka chinangwa kapena waya zimaboola chiberekero, chimene pa nthawi ya mimba chimakhala chofewa, n'kukalasa matumbo. Chimbudzi chikathira m'mimba, mafinya amadzaza m'masiku ochepa. Sopo waufa ndi zitsamba zoika kumaliseche zimawotcha khomo la chiberekero. Mapilitsi a malungo omwedwa mopyola muyeso amawononga mtima ndi maso a mayi mimba ili chikhalire. Mapilitsi ogula mwamseri, osadziwika ngati ndi enieni, omwedwa popanda kudziwa msinkhu wa mimba kapena ngati ili m'chiberekero n'komwe, amasiya zotsalira. Zotsalirazo zimalepheretsa chiberekero kufinyika, ndiye magazi sasiya, komanso zimaola. Mathero ake ndi kuikidwa magazi, amene amasowa kwambiri sukulu zikatsekera poti opereka ambiri ndi ana asukulu, kapena kuchotsedwa chiberekero mtsikana ali ndi zaka 17, kapena kutsekeka kwa njira za mazira kumene kumadzaonekera pa ukwati.

Apa tonse olemba kalatayi tikulankhula ndi mawu amodzi. Thandizo kwa mayi amene mimba yachoka, kaya yachoka yokha kaya yachotsedwa, ndi lololedwa ndipo m'zipatala za boma ndi laulere. Kutsuka m'chiberekero, kumene anthu amati kukolopa, masiku ano kumachitika ndi kachipangizo kokoka ndi mpweya kotchedwa MVA kapena ndi mankhwala, ndipo kumatenga mphindi zochepa mayi akafika msanga. Nthawi zambiri ngakhale dokotala sangasiyanitse mimba yopita padera ndi yochotsedwa ndi mapilitsi, choncho kuyamba ndi mafunso a kupolisi n'kutaya nthawi. Anamwino anzathu, mayi wotaya magazi si wozengedwa mlandu pawodi. Kwa makolo ndi amuna a ku Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo ndi kwina konse, zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche ndi izi: kunyowetsa mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana, kutentha thupi kofika madigiri 38 kapena kunjenjemera, chikazi chonunkha, mimba youma ndi yopweteka poikhudza, kukomoka. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo mayiyo asatuluke popanda kukambirana za kulera, chifukwa dzira limatha kutulukanso pasanathe masabata awiri.

Wogwiriridwa ali ndi maola 72 amtengo wapatali. M'maola amenewo ayambe PEP, mankhwala oteteza ku HIV omwa masiku 28, ndipo amwe pilitsi la levonorgestrel la mamiligalamu 1.5. Pilitsili limachedwetsa dzira kutuluka; silichotsa mimba imene yakhazikika kale, ndipo amene amalitcha mankhwala otayira mimba akulakwitsa. Akasanza pasanathe maola awiri abwereze, ndipo amene akumwa rifampicin wa TB anene, poti mankhwalawo amalifooketsa. Lupu ya kopa ikaikidwa m'masiku 5 imateteza kuposa pilitsi. Banja lisataye masiku atatuwa pokambirana za chindapusa ndi akuchimuna. Kuchipatala kuyambe, ku Victim Support Unit ya kupolisi kutsatire.

Kwa aphungu athu, makamaka a chigawo chino, tili ndi madandaulo. Malawi inavomereza Pangano la Maputo mu 2005, pangano la mayiko a mu Africa loteteza ufulu wa amayi, limene gawo lake 14 limalola kuchotsa mimba pa zifukwa zowerengeka. Bungwe la Law Commission linatulutsa bilu mu 2015 yotchula zifukwa zofanana: moyo wa mayi uli pangozi, thanzi lake la m'thupi kapena la m'maganizo likuonongeka, mwana ali ndi chilema choti sangakhale moyo, kapena mimba yabwera chifukwa chogwiriridwa kapena kugonana pachibale. Mu Disembala 2016 mipingo inayenda m'misewu kuikana, umene ndi ufulu wawo. Mu Marichi 2021 phungu wina, a Mathews Ngwale, atafuna kuibweretsa m'Nyumba, aphungu anakana ngakhale kuikambirana. Zotsatira zake n'zakuti funsoli likuyankhidwa ndi makhothi mlandu umodziumodzi, monga mu Okutobala 2025 pamene Khothi Lalikulu, potengera lamulo la Gender Equality Act la 2013, linaima ndi mtsikana wamng'ono wogwiriridwa amene anakanizidwa thandizo. Anzathu a ku Zambia, kungodutsa Jenda kulowa Lundazi, ali ndi lamulo lawo kuyambira 1972, ndipo Mozambique inasintha lake mu 2014 n'kuika malire a masabata 12. Sitikunena kuti titengere. Tikunena kuti anakhala pansi n'kulemba.

Okonda biluyo asalonjeze zimene singachite. Zifukwa zake n'zochepa, ndipo mayi wa ana asanu amene alibe chowadyetsa, kapena wophunzira amene chibwenzi chamuthawa, sakulowamo. Amenewo adzachepa pamzere wa MVA pokhapokha njira zolera zikamapezeka nthawi zonse m'zipatala zazing'ono, ndiponso amuna akamakakamizidwa kusamala ana awo. Odana ndi biluyo nawo atiuze chimene akufuna chichitike pa nsupa yosweka pa sabata 18, kapena pa mwana amene sikani yaonetsa kuti alibe chigaza ndi ubongo wapamwamba ndipo adzamwalira m'maola kapena masiku ochepa atabadwa. Vuto lomalizali, tinene modutsa, limayamba m'masiku 28 oyambirira, ndipo folic acid womwedwa mayi asanatenge pakati amalichepetsa kwambiri.

Ngakhale aphungu atakana zina zonse, pali zitatu zimene ena mwa ife odana kotheratu ndi kuchotsa mimba avomerezanso kusainira. Gawo 243 litchule mankhwala, osati opaleshoni yokha. Linene poyera kuti dokotala angachitepo kanthu ngozi ikaoneka kuti ikubwera, asadikire kuti mayi ayambe wakomoka. Ndipo lilembe kuti wachipatala amene chikumbumtima chake sichimulola ali ndi ufulu wokana, bola atumize mayiyo kwa mnzake tsiku lomwelo, kupatula pamene ali yekha ndipo mayi akutaya magazi patebulo.

Ndife,
Azamba, madokotala ndi aphunzitsi a zaumoyo,
Mzuzu.